A Mlongoti ndi Sutikesi ya Asewele

Mu msewu wathu, mukangopitirira shopu ya ometa n'kuona khonde lodzaza mawailesi akufa, dziwani kuti mwafika kwa a Mlongoti. Dzinali anawapatsa ndi anthu chifukwa cha thupi. Ndi aatali, oonda, ndipo akamamvetsera zimene ukunena amapendekera mbali imodzi ngati eriyo imene ikufunafuna siteshoni. Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso, koma ngakhale akazi awo akafuna kulitchula amayamba aganiza kaye.

Ntchito yawo ndi yokonza mawailesi. Kachipinda kamene amagwiriramo n'kopanikiza moti kasitomala wonenepa amafotokoza vuto lake ali panja. M'katimo muli tebulo lopserera m'mbali, chitsulo chowotcherera mawaya, zitini za mkaka zodzaza tizitsulo tomwe maina ake amawadziwa okha, ndi mashelefu a mawailesi amene eni ake anati abwera Lachisanu, zaka khumi zapitazo. Fungo la mmenemo ndi la mtovu wosungunuka ndi fumbi lofunda.

Koma chimene chinawatchukitsa si mawaya. Ndi Chiarabu.

Amene anawaphunzitsa ntchito anawasiyira lamulo limodzi: wailesi usamaiyesere pa siteshoni ya pafupi, chifukwa imeneyo ngakhale poto akhoza kuigwira. Uziiyesera pa ya kutali. Ndiye wailesi iliyonse akamaliza kuikonza, a Mlongoti ankapotokola mpaka singano ifike chakumapeto, kumene kunkamveka bambo wina wa mawu okhuthala akuwerenga nkhani m'Chiarabu. Bamboyo akamveka bwinobwino, wailesi yachira. Mawailesi anayi kapena asanu pa tsiku, kwa zaka makumi atatu, khutu limatola ndithu. Nkhani zomwezo ankazimvanso m'chinenero chathu, ndiye ankadziwa kuti mawu akutiwa ndiye nduna, akutiwa ndiye chivomezi. Kenaka anagula buku lopanda chikuto kwa ogulitsa mabuku a pansi, nayamba kulumikiza zomva ndi zowerenga monga momwe amalumikizira mawaya.

Chiarabu chimene chinatuluka pamenepo chinali cha suti ndi tayi. A Mlongoti ankatha kukuuzani kuti mbali ziwiri zakambirana mwamtendere ndipo zagwirizana kudzakumananso, kapena kuti kumapiri kugwa mvula yamabingu. Ife tinkanyada nawo. Munthu akagula chitini cha mafuta ophikira cholembedwa zilembo zopotana zija, ankathamangira nacho kwa iwo, ndipo ankamuwerengera tsiku lothera mphamvu ndi mawu olemera ngati akulengeza za kugwa kwa boma.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene chinkawasowetsa mtendere. Nthawi zina singano inkaima pamalo pomwe anthu ankalankhula zooneka ngati Chiarabu, koma mothamanga, modukizadukiza, akuseka, amayi akulandana mawu. Pa mawu khumi iwo ankatolapo amodzi. Chigamulo chawo chinali chachangu: wailesi yadwala, ikumeza mawu. Matendawo anawapatsa ndi dzina lomwe, chimezamawu. Ankaitsegula wailesiyo, n'kusintha kondensa, n'kupotokolanso, ndipo singano ikagwera pa bambo wa nkhani uja ankapukuta manja n'kunena kuti yachira. Wailesi ya ometa inatsegulidwa katatu chifukwa cha matenda amenewa.

Akazi awo timawatchula kuti a Sipika. Amagulitsa makatani ndi nsalu za pabedi ku msika, ndipo akamanong'ona amamveka nyumba zitatu. Iwo za Chiarabu analibe nazo ntchito. Ankangofunsa kuti chinenero chimene sichinagulitsepo katani ndi imodzi yomwe chidzathandiza banja tsiku liti.

Tsikulo linabwera kudzera mwa mwana wawo, mmodzi yekhayo. Anapita ku Moroko kukaphunzira za ulimi wothirira, ndipo anabwerako ndi satifiketi kudzanja ili, mkazi kudzanja linalo. Mpongoziyo ndi munthu wofatsa, ndipo chinenero chathu anachigwira msanga kuposa ena amene anabadwira mu msewu uno. Apongozi ake akamulankhula m'Chiarabu, ankayang'ana pansi, n'kuluma mlomo, n'kuyankha pang'onopang'ono m'Chiarabu cha kusukulu. Ife tinkati ndi ulemu. Tinadzadziwa pambuyo pake, kuchokera kwa mwini wake, kuti ankaluma mlomowo kuti asaphulike ndi phwete. Zambiri zimene ndikufotokoza pano anatiuza ndi iyeyo, zotsalazo a Sipika, ndipo zokometsera ndi za ometa.

Mpongozi atakhala woyembekezera, a Mlongoti anasintha mayendedwe. Anachotsa mawailesi onse pa shelefu ya m'munsi, naipukuta, nati pamenepo ndi pokhala mdzukulu. Anakonzanso kawailesi kofiira kamene mwini wake anakaiwala kalekale, nakakulunga m'nsalu, nati n'ka mwanayo. A Sipika anawakumbutsa kuti khanda silimvera nkhani. Iwo anati la kwawo lidzamvera.

Kutatsala milungu ingapo, madokotala anamugoneka mpongozi m'chipatala chifukwa magazi ankathamanga. Mayi ake atamva anakwera ndege. Tsiku loti afika mawa lake, mwana wa a Mlongoti analowa m'kachipinda kaja, natseka chitseko, zomwe zinachititsa kuti ometa azimitse makina awo kuti amve bwino. Anawauza bambo ake kuti apongozi akewo sakubwera kudzangoona wodwala. Akubwera ndi maganizo oti mwana akabadwa, atenge mayi ndi khanda lomwe kupita nawo kwawo kwa miyezi yochepa, chifukwa akukhulupirira kuti mwana wawo kuno ali yekhayekha, pakati pa anthu amene sangacheze nawo kuchokera pansi pa mtima.

“Miyezi yochepa ya apongozi mumaidziwa, bambo,” anatero. “Mwanayo adzabwera kuno akudziwa kale kupalasa njinga. Ine ntchito ili kutali, ndimabwera kumapeto kwa sabata kokha. Akhala ndi inu ndi amayi. Chonde aone kuti kuno kulinso kwawo.”

A Mlongoti anayang'ana shelefu ya m'munsi, nayang'ana kawailesi kofiira.

“Zisiye m'manja mwanga,” anatero. “Chinenero chawo ndi changa chomwe.”

Loweruka limenelo aliyense mu msewu wathu anapeza chifukwa chodutsira pa nyumba ya a Mlongoti. Ena anadutsa kawiri atanyamula chidebe chomwecho. Asewele anatsika m'galimoto: mayi wamfupi, wodzaza bwino, atavala mkanjo wobiriwira wofika m'mapazi, maso akuthwa ngati a munthu wozolowera kusankha nsomba. Pambuyo pawo panatsika sutikesi yaikulu yofiirira, yomangidwa ndi lamba wachikopa pakati.

A Mlongoti anali atavala jekete ya pa ukwati wawo. Anatulutsa chikatoni cha mabatire chomwe analembapo mawu awo kuseri, nakonza pakhosi, nayamba. Anati m'dzina la banja lino ndi anthu onse okonda mtendere, akulandira nthumwi yolemekezeka yochokera ku dziko la abale. Anati ali ndi chikhulupiriro kuti ulendowu ulimbitsa ubale wa mbali ziwiri pa nkhani zosiyanasiyana. Mawu ake ankatuluka bwino kwambiri moti ife, osamva kanthu, tinatsala pang'ono kuwomba m'manja.

Asewele anamvetsera. Kenaka anasuzumira kumbuyo kwa a Mlongoti, ngati akufuna kuona pomwe abisa wailesi. Ataona kuti palibe, anatembenukira kwa mkamwini wawo n'kumufunsa kanthu mofulumira. Mnyamatayo anatsokomola n'kunena kuti apongozi akuthokoza. Zoona zake n'zakuti asewele anafunsa ngati kwabuka nkhondo, chifukwa kwawo munthu akayamba kulankhula choncho ndiye kuti kwagwa zinazake.

Atawatsimikizira kuti kuli bata, asewele anagwira dzanja la a Mlongoti ndi manja awo onse awiri n'kuyankha. Analankhula nthawi yaitali, mwachikondi, akugwedeza mutu. A Mlongoti anapendekera kumanja. Anapendekeranso kumanzere. Anatolapo mawu awiri, Mulungu ndi mwana.

“Akuti chiyani, bambo?” anafunsa a Sipika, m'kunong'ona kwawo kuja.

“Akuti zinthu zili bwino.”

“Zonse zija?”

“Chiarabu n'chachitali, mayi.”

Ometa amalumbira mpaka lero kuti anaona dzanja la a Mlongoti likupita lokha ku thumba lomwe mumakhala sikuludiraiva.

Mwana wawo anabwerera kuntchito Lamulungu, ndipo m'nyumbamo munayamba moyo wa mtundu wina. Asewele anawapatsa chipinda chabwino cha kutsogolo, a Sipika atapachikamo makatani amene anali asanawagulitse dala. Koma sutikesi sinalowe m'kabati. Inaima pafupi ndi chitseko, lamba ali chimangire. Akafuna kanthu ankamasula, n'kutenga, n'kumanganso. M'mawa uliwonse pa mpopi a Sipika ankapereka lipoti lalifupi, lakuti lamba akadali pomwepo, ndipo tonse tinkadziwa tanthauzo lake.

Chodabwitsa chinali chakuti asewele ankawamva a Mlongoti, mwina theka, pakuti nkhani za pa wailesi kwawonso zimawerengedwa m'Chiarabu chomwecho. Amene sankamva mnzake anali a Mlongoti. Ndipo ngakhale polankhula, zinaoneka kuti m'zaka makumi atatu bambo wa pa wailesi uja anali asanatchulepo sipuni, kapu kapena sopo. Pa kadzutsa, pofuna kufunsa ngati awonjezere shuga, anafunsa ngati nthumwi ili ndi ndemanga pa nkhani ya shuga. Madzi osamba atatha, analengeza kuti m'dera lino muli chilala koma akuluakulu akuchitapo kanthu. Masana aliwonse, onse atatu ankapita kukaona wodwala kwa ola limodzi, ndipo mpongozi akanatha kumasulira zonse, koma akafunsa mmene zikuyendera, a Mlongoti ankafulumira kuyankha kuti akumvana bwino kwambiri. Asewele ankamunong'oneza mwana wawo zinazake, iye n'kudziphimba kumaso ndi pilo, bedi lonse likugwedezeka.

Kuseka kunalipo, koma kunyumba masana ankatalika. Pofika Lachitatu asewele anangolawa chakudya n'kuchikankhira kumbali. Anakhala pa bedi moyang'anizana ndi sutikesi yawo, dzanja lili pa tsaya. A Mlongoti ataona dzanja pa tsaya anagamula kuti ndi dzino. A Sipika anati si dzino, munthu akagwira tsaya choncho ndiye kuti mtima uli kwina, koma amuna awo anali atavala kale jekete. Anali ndi chifukwa china chimene sananene. Dokotala wa mano wa pafupi ndi positi ofesi ndi wa ku Iguputo, ndipo wailesi yake ndi iwo amaikonza. Ankafuna womasulira popanda kuvomera kuti akufuna womasulira.

Dokotalayo ndi munthu wansangala, wa kamimba, wolankhula chinenero chathu mopotoza koma molimba mtima. Atangowapatsa moni asewele m'Chiarabu cha kwawo, nkhope ya mayiyo inawala. Ankamumva zonse, chifukwa kwawo mafilimu a ku Iguputo amawaonera kuyambira ali atsikana. Ndiye anamasula thumba lonse la mawu amene anasunga masiku anayi. Analankhula za ndege, za mwana wawo, za maondo awo, mwinanso za a Mlongoti, chifukwa ankawaloza. Kumwetulira kwa dokotala kunayamba kuchepa. Anapendekera kumanja. A Mlongoti ataona kupendekako anakuzindikira, ndipo mtima wawo unakhala pansi pang'ono.

Dokotala anawaunika m'kamwa kuti ulendo usapite pachabe, kenaka anawakokera a Mlongoti pambali.

“Mano onse ali bwino, kuposa anga,” anatero. “Koma mayiwa ine ndikuwamva pang'ono chabe.”

A Mlongoti anafunsa kuti zingatheke bwanji, poti onse ndi Aarabu. Dokotala anaseka mpaka kamimba kanavina. Anati Chiarabu chili ngati mayi mmodzi amene ana ake anakakwatiwa kutali, aliyense n'kuyamba kuphika mwa njira yake. Chimene a Mlongoti amalankhula ndi cha m'mabuku, cha nkhani, cha makalata ndi maulaliki. Onse opita kusukulu amachidziwa ndipo amachilemekeza, koma palibe amene amakalipira mwana kapena kunenerera tomato m'chimenecho. Anapereka chitsanzo cha mawu oti tsopano. Bambo wa nkhani amati alaana, kwawo kwa dokotala amati diluwati, kwa asewele amati daba, ndipo kwina amati hala. Anati anthu a kum'mawa ndi a kumadzulo akakumana, nthawi zina amachita kubwerekana mawu a m'mafilimu kapena a kusukulu kuti amvane.

A Mlongoti anafunsa motsitsa mawu.

“Nanga zija zimamveka pa wailesi, adokotala, anthu akuthamanga, akumeza mawu, akuseka?”

“Amenewo ndi anthu akucheza, bambo.”

Pobwerera, podutsa pa shopu ya ometa, a Mlongoti anayang'ana kumbali.

Kunyumba anawapeza a Sipika akupinda makatani, ndipo anaulula zonse ataimirira, jekete ili m'manja. Anati iwo sakumva zimene asewele amalankhula, sanazimvepo chifikireni, ndipo mdzukulu apita chifukwa cha iwo. A Sipika sanasiye kupinda.

“Ine ndinadziwa tsiku loyamba,” anatero. “Munthu akukufunsani njira ya kuchimbudzi, inu n'kumuyankha kuti mawa kukhala mitambo.”

“Bwanji simunanene?”

“Ndikanayambira pati, poti inu ndi nduna? Ife takhala tikucheza ndi manja. Za maondo tamaliza, za amuna tili pakati. Koma manja amatopa, bambo. Mayi uja akusowa mawu a kwawo. Inu si mumati mumagwira maiko onse ndi kawaya?”

A Mlongoti anawayang'ana akazi awo ngati akuwaona koyamba. Mawa lake anakwera padenga ndi waya wautali, zomwe zinasonkhanitsanso anthu, chifukwa munthu wamtali choncho akaima padenga amaoneka kuchokera ku msika. Anatsitsira wayayo pawindo la kachipinda kawo, namasula kawailesi kofiira m'nsalu yake, naika mpando wabwino pakhomo. Atabwerako kuchipatala anawapempha asewele kuti alemekeze malo awo a ntchito ndi kupezeka kwawo. Mayiyo anabwera, mwina pofuna kuona kuti nduna yakonza chiyani.

Ndiye anayamba kuyenda ndi singano pang'onopang'ono, kuima pamalo onse amene kwa zaka makumi atatu ankawatcha odwala. Sankayang'ana wailesi. Ankayang'ana nkhope ya asewele, monga momwe amayang'anira mita yoyezera magetsi. Pamalo oyamba mayiyo anamwetulira, naloza dzino lawo: awa ndi a kwawo kwa dokotala. Pachiwiri anakweza mapewa n'kuloza kutali kum'mawa. Pachitatu anatsanzira kalankhulidwe kake mokoka mawu, naseka, koma anapukusa chala. Tsiku limenelo kwawo sikunapezeke. A Mlongoti anakweranso padenga, natembenuza waya, nauwonjezera ndi wina amene anamasula pa chingwe choyanikira zovala cha a Sipika. Nkhani ya chingwecho ndi ina, ndipo inamveka nyumba zisanu.

Lachisanu cha m'ma folo koloko, dzuwa litapendeka, pakati pa phokoso longa la mafuta mu poto panatuluka mawu a amayi awiri akukangana. Anali mawu othamanga, odukaduka, chimezamawu chenicheni, choti masiku akale wailesiyo ikanatsegulidwa pomwepo. Chala cha a Mlongoti chinali chitayamba kale kupitirira. Asewele anawagwira pamkono mwamphamvu moti zala zinatsala zitadinda.

Linali sewero la pa wailesi ya kwawo, limene ankalitsatira asananyamuke. Anakokera mpando pafupi. Anaseka, anadzimenya pa ntchafu, anamukalipira mmodzi wa amayiwo, napukuta maso ndi nsonga ya mpango. Sewero litatha anatembenukira kwa a Mlongoti n'kuwafotokozera zonse kuyambira pachiyambi, ndani anakwatira ndani, ndani anabisa kalata. A Mlongoti sanamve kanthu, koma ulendo uno sananamizire. Anatenga kope ndi pensulo, nanena m'Chiarabu chawo cha suti kuti mbali ino ikuvomereza kuti yagonja, ndipo ikupempha thandizo la akatswiri. Pamalo pomwe singano inaima anadonthezapo penti wa m'zikhadabo wa a Sipika, kuti pasadzasowenso.

Kuyambira tsiku limenelo msewu wathu unali ndi sukulu. Folo koloko ikakwana, asewele ankakhala pakhomo la kachipinda, kawailesi pa miyendo. Sewero likatha, phunziro linkayamba. Ankanyamula kapu n'kutchula dzina lake, a Mlongoti n'kubwereza. Sipuni, bondo, thewera, tulo, bwera kuno, usalire. Akangowonjezera timichira ta bambo wa nkhani kumapeto kwa mawu, ankalandira kambama pa dzanja. Munthu wa imvi, amene tonse tinkamuopa pa zilembo zopotana, ankabwereza dzina la sipuni kasanu ngati wa sitandade wani, ife tikuonerera. Sanadandaule. Ankangopukuta magalasi n'kufunsa lotsatira.

Koma asewele sanalole kuti Chiarabu cha suti chitayidwe. Anachipezera ntchito. M'mawa uliwonse asanamwe tiyi ankawomba m'manja kawiri, a Mlongoti n'kuimirira kumutu kwa tebulo kuwerenga nkhani za m'nyumba. Ankalengeza kuti malipoti ochokera kukhitchini akusonyeza kuti mkaka wasefukira, ndipo palibe gulu limene lavomera kuti ndilo lachititsa. Ankalengeza kuti zokambirana za chingwe choyanikira zovala zalephereka kachitatu. Asewele ankaseka mpaka kugwira m'nthiti, ndipo a Sipika, osamva liwu ndi limodzi lomwe, ankaseka kuwaposa. Mbale zinayamba kubwerera kukhitchini zopanda kanthu.

Tsiku lina a Mlongoti anapita okha kwa ometa, nakhala pa mpando ngakhale tsitsi linali lisanakule, naulula kuti wailesi ija sinadwalepo. Ometa anaimitsa lumo m'mwamba.

“Ndiye mwaichita opaleshoni katatu ili bwinobwino, achimwene?”

“Katatu.”

“Mwachita bwino kunena ndisanayambe kumeta. Mukananena ndili pakati, bwenzi mukutuluka ndi chimezatsitsi.”

Zonsezi zinali bwino, koma lipoti la pa mpopi silinasinthe. Lamba anali pomwepo. A Mlongoti ankadutsa pa chitseko cha alendo n'kumuyang'ana lambayo mwakachetechete, kenaka n'kupita kukapukutanso shelefu ya m'munsi, imene inali yoyera kale.

Mwana anabadwa Lachiwiri m'mawa, wamkazi, wamiyendo yaitali moti anamwino sanafunse kuti agogo ake ndi ati. Anatuluka m'chipatala Loweruka, bambo ake atabwera. Masana amenewo onse anakhala pa balaza, ndipo aliyense ankadziwa kuti nkhani ya ulendo ikambidwa lero, chifukwa tikiti ya asewele inali ya sabata yotsatira. Mnyamata uja ankatuluka thukuta ngakhale mawindo anali otsegula. A Sipika anali chete, chinthu chimene chinaopsa anthu kuposa china chilichonse.

Khanda linayamba kulira. Mayi ake analigwedeza, osatheka. A Sipika analiyesa, asewele analiyesa, bambo ake analigwira ngati wailesi ya eni n'kulipereka msanga. Linafika kwa a Mlongoti. Onse anayembekeza kuti amva chilengezo chopempha mbali zonse kuti zikhale bata. Koma iwo analiika paphewa, nawerama ndi msinkhu wawo wonse, nayamba kulinong'oneza timawu ta m'kope tija, ta kukhitchini, todukaduka: bwera kuno, usalire, tulo, kamwana kanga. Atatha mawu amene ankadziwa anapitiriza ndi sipuni ndi kapu. Kaya ndi mawuwo, kaya ndi kutalika kwa phewa, mwanayo anatsokomola kamodzi n'kugona.

Asewele anadzuka, nawakonza katchulidwe ka liwu limodzi, a Mlongoti n'kubwereza monong'ona. Kenaka mayiyo analankhula kwa mwana wawo, nthawi yaitali ndithu, ndipo mpongozi anamasulira akuseka, misozi ili m'maso.

“Akuti anabwera kudzanditenga chifukwa ankaganiza kuti kuno ndilibe wondiseketsa. Akuti tsopano akuopa kuti ndikapita kwathu ndikasowa nkhani za m'mawa. Akutinso mwanayu akachoka, inu bambo mubwerera ku unduna, ntchito yawo ya milungu itatu n'kupita m'madzi. Ndiye tikhala. Ine ndipitiriza kukuphunzitsani, ndipo uyu akadzayamba kulankhula adzakumalizani.”

A Mlongoti anayang'ana mdzukulu wawo ali m'tulo paphewa pawo. Anangogwedeza mutu pang'onopang'ono kuti asadzutse mwana.

Asewele analowa kuchipinda n'kukoka sutikesi mpaka pakati pa balaza. Anamasula lamba n'kumupereka kwa a Sipika. Pansi pa zovala zawo zochepa panali tizovala ta khanda, tizipewa, timasokosi ndi mabulangete oluka pamanja, zimene anasungira ulendo wa pa ndege ndi miyezi yochepa ija. Anazitulutsa chimodzichimodzi, a Sipika akulandira n'kumakaika m'kabati. Lipoti la tsiku limenelo silinadikire m'mawa kapena mpopi. A Sipika anangoima pakhonde n'kunong'ona kuti lamba wamasuka, ndipo msewu wonse unamva.

Asewele anaisintha tikiti, nakhala miyezi ina iwiri. Ponyamuka a Mlongoti anafuna kuwapatsa kawailesi kofiira, koma anakana. Anati kwawo mawu amenewo amalowa okha pawindo, kawailesiko katsale ndi amene akukafuna. Lamba anawasiyira a Sipika kuti akhale chipepeso cha chingwe chija, ndipo sutikesi inapita yopepuka, yomangidwa ndi waya wa a Mlongoti.

Mdzukuluyo pano ali ndi zaka zinayi, ndipo shelefu ya m'munsi ndi yake, ngakhale miyendo yayamba kale kulendewera. Pa galasi la kawailesi kofiira pali timadontho ta penti tambiri tsopano, ta mitundu yosiyanasiyana: kofiira ka kwawo kwa asewele, kapinki ka kwawo kwa dokotala, kena ka anthu okoka mawu aja, ndi tina timene a Mlongoti akufufuzabe eni ake. A Sipika amati mabotolo awo onse anathera ku maiko a eni. Matenda a chimezamawu sanamvekenso mu msewu wathu.

Agogo ndi mdzukulu amacheza m'Chiarabu cha kukhitchini, ndipo monga ananenera asewele, wamng'onoyo ndiye amakonza wamkulu, kambama n'komweko. Koma akagwira chitsulo chowotcherera kapena kumwaza tizitsulo ta m'zitini, a Mlongoti amaimirira, n'kukonza pakhosi, n'kulengeza m'mawu a bambo wa nkhani kuti akuluakulu a nyumba ino akudzudzula mwamphamvu mchitidwe umenewu. Mwanayo amaima chilili, manja kumbuyo, mpaka nkhani zithe. Zikatha amafunsa za nyengo.